Kukana kuuzira mpweya m'kachipangizo ka apolisi sikupha mlandu

M'mabawa a ku Mbare ndi ku Highfield mumzinda wa Harare mwafala nkhani yakuti apolisi a dziko la Zimbabwe (ZRP) akakuimitsani mutamwa, ingokanani kuuzira mpweya mu breathalyser, kachipangizo koyezera mowa, basi umboni palibe. Limeneli ndi bodza.

Lamulo la Road Traffic Act [Chapter 13:11] limaletsa kuyendetsa galimoto mowa ukafika mamiligalamu 80 pa mamililita 100 a magazi. Kukana kuyezedwa popanda chifukwa chomveka ndi mlandu wina paokha, ndiye mwangodziwonjezera katundu. Apolisi angathenso kukutengerani kwa dokotala kuti akakutengeni magazi.

Ndipo nambala ya pakachipangizo si umboni wokhawo. Wapolisi amalemba zomwe waona: fungo la mowa, maso ofiira, lilime lolemera, kudzandira potsika galimoto, makiyi kugwa m'manja kawiri. Zonsezo akazinena pamaso pa majisitireti kukhoti la ku Rotten Row, ndipo khoti lingakulipiritseni chindapusa, kukutsekerani m'ndende kapena kukuletsani kuyendetsa. Woyendetsa kombi, ntchito yathera pomwepo.

Nanga zotafuna chingamu kapena kuika kobiri pansi pa lilime? Kachipangizoko kamayeza mpweya wochokera m'mapapo, sikanamizika ndi fungo la m'kamwa. Mankhwala otsukira m'kamwa okhala ndi alcohol amakwezanso nambala.