M'bale wanu akagwidwa ku Joni, musathamangire kutumiza ndalama

Uthenga ukafika kuti mwana kapena mwamuna wagwidwa ku South Africa chifukwa cha mapepala, mabanja ambiri kuno ku Blantyre amathamangira pa kabenchi ka Airtel Money kapena Mpamba. Pa ntchito yanga ya zamalamulo ndaona azimayi a ku Ndirande ndi ku Bangwe atatenga katapila n'kutumizira munthu amene akuti "amadziwana ndi mabwana". Ndalama zija zimalowa m'madzi, m'bale uja akadali m'chitokosi.

Musanatumize tambala, funsani kuti ali pa polisi iti ndipo anagwidwa tsiku liti. Funsaninso dzina limene analembetsa. Anyamata ambiri akafika kumeneko amatchuka ndi dzina lina, ndiye loya amavutika kufufuza munthu amene m'kaundula mulibe. Tsiku la kugwidwalo lilembeni penapake, chifukwa malamulo amawerengera pamenepo.

Mu 2017 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko la South Africa linagamula kuti wogwidwa pofuna kumubweza kwawo aonekere pamaso pa khoti pasanathe maola 48. Ambiri amakasungidwa ku Lindela, malo osungirako anthu obwezedwa kwawo amene ali ku Krugersdorp, podikira ulendo. Lamulo lawo la zolowa ndi kutuluka m'dziko la 2002 sililola kusunga munthu kupitirira masiku 120. Kunena zoona, malire amenewa amaphwanyidwa, makamaka kwa munthu wopanda womulondola. Mlandu umene unabala chigamulo cha 2017 anakasuma ndi a Lawyers for Human Rights, bungwe limene lili ndi maofesi ku Johannesburg, Pretoria, Durban ndi Musina, ndipo limathandiza osauka popanda malipiro. A Legal Aid South Africa nawonso amaimira munthu wopanda ndalama pa mlandu, ngakhale akhale mlendo.

Wogwidwayo ali ndi ufulu wopempha kuti ofesi ya kazembe wa Malawi idziwitsidwe, malinga ndi pangano la ku Vienna la 1963. Ofesiyi ili ku Pretoria, ina ku Johannesburg. Kazembe sangamutulutse, musayembekezere zimenezo. Chimene angachite n'kutsimikiza kuti munthuyo ndi Mmalawi ndi kumupatsa chikalata choyendera ngati pasipoti inatayika. Apa ndi pamene inu muli ndi ntchito: jambulani chiphaso chake cha unzika kapena tsamba la pasipoti, mutumize pa WhatsApp kwa wodalirika.

Pali ena amene sanagwidwe, koma masiku 30 amene Mmalawi amapatsidwa polowa anatha kalekale. Akamatuluka pa Beitbridge, chipata cha pamalire a South Africa ndi Zimbabwe, amadindidwa kuti asabwererenso: chaka chimodzi ngati anapyola ndi masiku osakwana 30, zaka zisanu ngati anapyola kuposa pamenepo. Chiletsochi munthu angathe kuchidandaula polembera a Home Affairs, unduna wawo woona zolowa ndi kutuluka m'dziko, makamaka ngati anali m'chipatala ndipo makalata a dokotala alipo. Zodindira zachinyengo zimene ena amagula kwa madobadoba zimasandutsa nkhani yaing'ono kukhala mlandu wa ndende.

Ndipo ana? Banja lililonse limene lili kumeneko ligwirizane lero lomwe za amene angatenge ana kusukulu makolo atapanda kubwerera madzulo, ndipo makalata awo obadwira asungidwe kwa munthu ameneyo. Khoti la ku Makhanda, ku South Africa komweko, linagamula mu 2019 kuti mwana asakanizidwe kuphunzira pa sukulu ya boma chifukwa chosowa mapepala. Mphunzitsi wamkulu akakana, nkhaniyo mungakaitule ku South African Human Rights Commission, bungwe loona za ufulu wa anthu, ndipo kudandaula kumeneko n'kwaulere.