Mankhwala a kuchipatala ndi azitsamba: angayendere limodzi? Mafunso ndi mayankho

Mu Blantyre muno anthu ambiri amayenda njira ziwiri pa matenda amodzi. M'mawa ali pamzere ku Gulupu kapena pachipatala cha ku Ndirande, madzulo akuwiritsa masamba a nimu kapena akumwa za m'botolo zomwe anagula ku Limbe. Ochepa kwambiri ndi amene amauza adokotala za njira yachiwiriyo, ndipo ngozi imayambira pomwepo.

Kodi kuphatikiza chithandizo ndiye kutani?

Ndi kulola chithandizo cha kuchipatala ndi chamakolo kuthandizana poyera, mbali zonse zikudziwa. Koyamba matenda ayezedwe kuchipatala, adziwike dzina. Mankhwala omwe anatsimikizika kuti amachiza matendawo ndiwo maziko, ndipo chowonjezera chilichonse, kaya chitsamba, kutikita thupi, zakudya kapena pemphero, chisawasokoneze. Komanso wodwala aonedwe ngati munthu wathunthu, wokhala ndi nkhawa, banja ndi chikhulupiriro. Chitsanzo tili nacho pafupi: ku Tiyanjane, pachipatala cha Queen Elizabeth (ku Gulupu), odwala matenda okhalitsa amalandira mankhwala oletsa ululu, koma amapezanso uphungu ndi chilimbikitso cha zauzimu, pamodzi ndi owadwazika. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO nalo lili ndi ndondomeko ya 2025 mpaka 2034 yolimbikitsa mayiko kulowetsa mankhwala amakolo mu zaumoyo, malinga akhale ndi umboni ndi malamulo.

Koma si kuti madokotala amangonyoza zitsamba?

Sangazinyoze, chifukwa mankhwala ambiri omwe amalemba anachokera m'zomera. LA, amene timamwa pa malungo kuyambira 2007, ali ndi artemether wochokera ku chitsamba cha Artemisia annua, ndipo Tu Youyou wa ku China analandira mphoto ya Nobel mu 2015 chifukwa cha ntchito imeneyi. Kwinini anachokera ku khungwa la mtengo wa cinchona. Vincristine, yemwe amathandiza ana odwala khansa, anachokera ku duwa la Madagascar periwinkle lomwe limamera m'makomo ambiri.

Kusiyana kuli pa mlingo. Piritsi lililonse la LA lili ndi mphamvu yofanana ndi linzake. Masamba a Artemisia owiritsa mu poto lero akhala ndi mphamvu ina, mawa ina, malinga ndi nthaka, kaumitsidwe ndi madzi omwe mwathira. N'chifukwa chake WHO salola kuchiza malungo ndi tiyi wa Artemisia: tizilombo sitifa tonse, ndipo totsalato tikhoza kuzolowera mankhwalawo, LA n'kusiya kugwira ntchito kwa tonsefe.

Ndili pa ma ARV. Ndingamwe zitsamba?

Funsani kaye ku kiliniki yanu, ndipo zivute zitani, ma ARV musasiye. Kuyambira 2019 anthu ambiri m'dziko muno akumwa ma ARV okhala ndi dolutegravir. Mankhwalawa salowa bwino m'magazi akakumana m'mimba ndi calcium, iron kapena magnesium, zomwe zimapezeka m'mapiritsi owonjezera magazi ndi mankhwala a kutentha pamtima. Achipatala amakuuzani mmene mungatalikitsire nthawi yomwera. Chitsamba cha St John's wort, chomwe chimapezeka m'mankhwala ena ochokera kunja, chimachepetsanso mphamvu ya ma ARV.

Ndiwo zamasamba ngati cham'mwamba, bonongwe ndi nkhwani idyani, ndi chakudya. Nkhani ili pa ufa ndi madzi osadziwika zomwe asakanizamo. Ndipo wina akakuuzani kuti ali ndi mankhwala ochotsa kachilombo m'thupi, dziwani kuti akuphwanya lamulo: lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kufalitsa zabodza zokhudza kuchiza HIV. Ine zimandipweteka kumva munthu amene anali bwinobwino atasiya mankhwala chifukwa cha lonjezo lotere, chifukwa akabwerera kuchipatala amakhala atafooka kale.

Nanga wa BP kapena shuga?

Matenda awiriwa sachizika, amangosamalidwa. BP imatha kukwera popanda chizindikiro chilichonse, choncho kupeza bwino mutamwa adyo si umboni woti yatsika. Umboni ndi makina oyezera. Wa shuga akaphatikiza chitsamba chotsitsa shuga ndi mapiritsi kapena insulin, shuga amatha kutsikiratu, munthu n'kuyamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, mwina kukomoka. Apa chowonjezera chothandizadi n'chosagula: kuchepetsa mchere mu ndiwo, kuchepetsa shuga mu tiyi, ndi kuyenda pansi tsiku lililonse.

Mayi woyembekezera angamwe mwanamphepo?

Ayi. Ndikudziwa kuti kawirikawiri amapereka ndi agogo kapena apongozi, mwachikondi, pofuna kuti mwana abadwe msanga. Koma mwanamphepo amachititsa chiberekero kukokana mwamphamvu njira isanatseguke. Mwana amabanika, ndipo chiberekero chimatha kung'ambika. Ngati mayi wamwa kale, womuperekeza auze anamwino akangofika, atchule nthawi yomwe wamwera ndi kuchuluka kwake.

Ndi matenda ati omwe sitiyenera kuyamba kuyesa zitsamba?

Mwana wotentha thupi kapena wokomoka, chifuwa chopitirira masabata awiri, chotupa m'bere, kutaya magazi, kulumidwa ndi njoka kapena galu, ndi diso lofiira lopweteka. M'diso musadonthezere madzi a masamba. Maso ambiri afa choncho. Mphini zotemedwa ndi lezala yomwe yatema ena zimafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Sing'anga wodziwa ntchito yake amanena yekha kuti, "Izi pitani nazo kuchipatala."

Za m'mabotolo zogulitsidwa m'misika ndi m'madepoti, ndani amaziyang'anira?

Bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, PMRA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019. Komabe wogula ayenera kudzitchinjiriza yekha. Botolo lopanda dzina la wopanga, lopanda mndandanda wa zomwe zilimo, mlingo wake ndi tsiku lothera mphamvu, lisiyeni. Lomwe akuti likuchiza shuga, BP, khansa, kusabereka ndi nsana nthawi imodzi, lisiyeninso. Chiwindi ndi impso ndizo zimasefa zonse zomwe timamwa, ndipo zikaonongeka sizibwerera msanga.

Ndikauza adokotala, sandikalipira?

Ena amakalipa, ndipo kumeneko n'kulakwa, chifukwa wodwala wokalipiridwa ulendo wina amabisa. Koma inu nenani ndithu. Tengani botololo, mizuyo kapena masambawo pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala, n'kunena kuti, "Adokotala, ndakhala ndikumwanso izi kawiri pa tsiku kwa mwezi umodzi. Kodi zikugwirizana ndi mankhwala mwandipatsawa?" Ngati mukudikira opaleshoni, nenani masiku adakalipo, chifukwa adyo ndi jinja womwedwa mochuluka zimachedwetsa magazi kuundana. Mukasowa womufunsa pafupi, imbani Chipatala Cha Pa Foni pa 929.