Pyrrolysine: amino acid wosowa amene asayansi akupangira mapuloteni atsopano

Mapuloteni onse a m'thupi, kaya onyamula mpweya m'magazi kaya ogaya chakudya, amapangidwa ndi tinthu totchedwa ma amino acid, tolumikizana ngati mikanda pa ulusi. Kusukulu timaphunzira kuti alipo 20. Koma pali ena awiri amene maselo amawalowetsa m'mapuloteni potsatira malangizo a m'majini. Wa nambala 21 ndi selenocysteine, yemwe anthufe tili naye. Wa 22 ndi pyrrolysine, ndipo uyu simungamupeze mwa munthu, nyama kapena chomera.

Anapezeka mu 2002 ku Ohio State University ku America, ndi magulu a Joseph Krzycki ndi Michael Chan. Iwo ankafufuza Methanosarcina barkeri, kachilombo kosaoneka ndi maso kamene kamakhala m'matope mopanda okosijeni n'kumatulutsa mpweya wa methane. Zina mwa zakudya zake ndi ma methylamine, gulu la mankhwala limene limanunkhitsa nsomba yowola. Kuti kagaye chakudyachi, ma enzyme ake (mapuloteni ofulumizitsa ntchito za m'selo) amafuna pyrrolysine.

Chodabwitsa chinali momwe amalowera m'puloteni. Selo limawerenga malangizo a m'majini zilembo zitatuzitatu. Timagulu ta zilembo timeneti tilipo 64, ndipo titatu, UAA, UAG ndi UGA, timauza selo kuti puloteni yathera pamenepo. Koma kachilomboka kakafika pa UAG m'majini ena sikaima. Kamaikapo pyrrolysine n'kupitiriza. Kamatero chifukwa kali ndi tRNA (kanthu kobweretsa amino acid pomwe puloteni ikupangidwa) yakeyake yonyamula amino acid ameneyu, komanso enzyme yotchedwa PylRS yomwe imamusenzetsa pa tRNA-yo.

Kwa ine, phindu lalikulu lagona pa enzyme imeneyi kuposa pa pyrrolysine mwiniwake. PylRS siisankha kwambiri. Mukaipatsa amino acid wopangidwa mu labotale wofananako ndi pyrrolysine, nthawi zambiri imamulandira, makamaka asayansi akaisinthako pang'ono. Chachiwiri, mukaisamutsira mu bakiteriya wa E. coli, mu yisiti kapena m'maselo a munthu, imagwira ntchito yake osasokoneza ya eni selo. Choncho wofufuza amalemba UAG pamalo enieni amene akufuna mu jini, n'kuthira amino acid wakeyo m'madzi odyetsera maselo, ndipo puloteni imatuluka ili naye pamalo omwewo.

Mu 2008 gulu la Jason Chin ku Cambridge ku England linalowetsa acetyl-lysine (lysine, mmodzi wa ma amino acid 20 aja, womatidwa kachidutswa kotchedwa acetyl) m'puloteni mwa njira imeneyi. Ichi chinali chofunika chifukwa kumatidwa kwa acetyl pa mapuloteni okulunga DNA kumathandiza kutsegula kapena kutseka majini, ndipo poyamba kunali kovuta kukuphunzira pamalo amodzi okha. Mu 2011 njirayi inagwira ntchito mu nyongolotsi yamoyo ya C. elegans. Palinso lysine womata chotsekera chimene chimachoka ndi kuwala: puloteni imangokhala duu mpaka wofufuza ataiwalitsira nyali, kenako n'kuyamba ntchito iye akuona pa maikulosikopu.

Vuto lilipo ndithu. Selo limaonabe UAG ngati chizindikiro choti liime, motero mapuloteni ambiri amadukira panjira ndipo zokolola zimachepa. Pofuna kuthana ndi zimenezi, mu 2013 asayansi a ku mayunivesite a Yale ndi Harvard ku America anasintha ma UAG onse 321 a mu E. coli kukhala UAA, n'kuchotsanso puloteni yomwe imaimitsa ntchito ikaona UAG.