Mbuzi Yopanda Mwini: Agwape a ku England ndi Madimba Athu

Chaka chatha mu Juni, mayi wina wa kwathu amene amalima pa allotment ina (malo ogawidwa timadimba tobwereka) kuno ku England anandiimbira foni mtima uli m'mwamba. "Achimwene, tabwerani mudzaone nokha. Anthu a pano ayamba kundithyolera khwanya." Nyemba zawo zinali zitangoyamba kuyanga m'timitengo, koma m'mawa umenewo anapeza masamba onse a m'munsi atatha psiti, kuyambira pansi kulekeza m'chiuno. A m'mwamba anali bwinobwino. Ine ntchito yanga ndi yosamalira minda ya maluwa ndi mitengo ya zipatso, choncho nditafika ndinangogwada n'kuyamba kuyang'ana nsonga zodyedwazo. Zinali zonyenyeka, tiulusi tili lendelende. Padothi lonyowa panali timapazi ta ziboda zogawanika, tosaposa masentimita 3. Ndinati, "Mayi, apepeseni anansi anu. Wakuba wanu ali ndi miyendo inayi."

Aliyense amene anawetapo mbuzi amadziwa kuti ilibe mano akutsogolo kunsagwada ya m'mwamba. Ili ndi nkhama yolimba basi. Nyama zimene Angerezi amazitcha deer zilinso chimodzimodzi. Sizidula tsamba ayi, zimaligwira n'kulikoka mpaka lithothoke, n'chifukwa chake podyedwapo pamakhala ponyenyeka. Kalulu amadula mwaukhondo mopendekera ngati wadula ndi lumo. Nkhono zimaboola tsamba pakati n'kusiya mamina. Musanagule chilichonse, gwadani kaye muone amene wadya, chifukwa ndaonapo anthu akuwononga ndalama kutchingira kalulu pomwe mlendo wawo amadumpha kawaya kameneko osakaona n'komwe.

M'nkhani ino ndizitchula kuti agwape, ngakhale si agwape enieni a kwathu. Gwape wathu, mbawala ndi nswala nyanga zawo ndi za moyo wonse. Ambiri mwa awa a kuno nyanga zawo zimakhala ndi mphanda, zimagwa chaka chilichonse n'kumeranso zina. M'tchire la Britain muli mitundu 6: red, roe, fallow, sika, muntjac ndi Chinese water deer. Mitundu iwiri yoyambayo ndiyo eni nthaka. Inayo inachita kubwera ndi anthu. Amene amavutitsa m'madimba a m'matauni kawirikawiri ndi roe ndi muntjac.

Muntjac mukamuona koyamba mudzalumbira kuti ndi gwape wa ku Dzalanyama. Ndi wamfupi, pafupifupi theka la mita paphewa, wofiirira, woyenda chowerama, ndipo usiku amauwa ngati galu. Kwawo ndi ku China. Anabwera naye ku Woburn, m'chigawo cha Bedfordshire, zaka zoposa 100 zapitazo kuti azikongoletsa paki ya anthu olemera. Ena anathawa, ena anachita kumasulidwa, lero wadzaza kumwera ndi pakati pa England. Agwape enawo ali ndi nyengo yoswana, koma uyu alibe. Bere lake ndi la miyezi 7, ndipo akangoswa sipapita masiku ambiri asanatengenso lina. Mimbulu imene inkadya agwape inatha kalekale m'dziko muno. Ndiye mukamva wina akuti "tingochotsa uyu amene akutivutitsayu," dziwani kuti malo amene wasiyawo sakhalitsa opanda mwini.

Kwathu mbuzi ikalowa m'dimba, nkhani yake ndi yodziwika: umaigwira, umaimangirira pamtengo, mwini wake akabwera mumakambirana, zikavuta mumapita kwa amfumu. Gwape wa kuno ndi mbuzi yopanda mwini. Khonsolo sidzakulipirani nyemba zanu, ndipo palibe bwalo limene mungakamusumire. Pamenepa m'pamene ena a ife timakumbukira luso la paubwana, lija lopinda waya n'kutchera khwekhwe pamkwaso. Chonde, lusolo lisiyeni kumudzi. Lamulo la Deer Act la 1991, logwira ntchito ku England ndi ku Wales, limaletsa kutchera gwape ndi khwekhwe, msampha kapena nyambo ya poizoni, ndipo kupha gwape pamalo a eni popanda chilolezo ndi mlandu. Ku Scotland ali ndi lamulo lawo la 1996, nalonso silisekerera. Kuchepetsa chiwerengero cha agwape ndi ntchito ya alenje odziwa, okhala ndi ziphaso za mfuti, osati ya m'dimba lozunguliridwa ndi nyumba za anthu. Kupatula za lamulo, amene anaonapo nyama itagona usiku wonse m'khwekhwe, waya utalowa m'mnofu, sangandiuze kuti imeneyo ndi imfa yabwino. Ngati ndi nkhuli ya nyama ya m'tchire, m'mabutchala ambiri amagulitsa; funsani venison.

Ena amati, "Ine sindipha, ndingomugwira n'kukamutaya kunkhalango." Nazonso sizithandiza. Gwape ndi nyama ya mantha kwambiri. Akagwidwa n'kumaphiriphitha nthawi yaitali, minofu yake imawonongeka, zoipa zake n'kupita ku impso ndi kumtima, moti amatha kufa patapita maola kapena masiku angapo ngakhale alibe bala. Komanso kuyambira mu Disembala 2019, ku England ndi ku Wales n'kosaloledwa kumasulira muntjac kutchire mwachisawawa, poti ali m'gulu la nyama zobwera zowononga chilengedwe. Ndiye kumugwira wamoyo kawirikawiri n'kumuphetsa ndithu. Chifundo chenicheni chimayambira kunja kwa dimba: asalowe n'komwe.

Za zoopsezera ndinena mwachidule, chifukwa ndatopa nazo. Tsitsi la kometera lomangidwa m'sokosi, sopo wonunkhira wopachika m'nthambi, ma CD akale, wayilesi yolira usiku, chidole chovala jekete, ngakhale ndowe za mkango zimene ena amagulitsa m'mapaketi: zonsezi zimagwira ntchito sabata imodzi kapena ziwiri. Gwape amaopa chachilendo, ndipo chikagona pamenepo masiku angapo osamuluma, sichikhalanso chachilendo. Mpope umene umafaitsa madzi nyama ikadutsa umachitako bwino ngati mukuusunthasuntha. Alipo mankhwala ovomerezeka opopera mitengo, ena opangidwa ndi mafuta a nkhosa, ndipo amathandiza ndithu, koma mphukira zotuluka mutapopera kale zimakhala zosatetezedwa, ndiye n'kumabwerezabwereza. Werenganinso pabotolo ngati amaloledwa pa mbewu zodya. Zosakaniza nokha za palafini kapena jiki musathire m'dothi limene mukudyamo.

Chimene chimagwira ntchito ndi mpanda, ndipo anthu ambiri amaulakwitsa pamalo amodzi. Onse amayang'ana kumwamba, kufunsa kuti gwape amadumpha mpaka pati. Kutalika n'kofunikadi: mita 1.5 kwa muntjac ndi roe, mita 1.8 ngati dera lanu kuli agwape akuluakulu monga fallow, sika kapena red. Koma muntjac sakonda kudumpha ngati pali njira ina. Amayenda m'mbali mwa mpanda mphuno ili pansi, kufunafuna pamene waya wasiyana ndi dothi, n'kulowetsa mutu, thupi n'kutsatira. Mpanda wa mayi aja unali wautali bwino, koma pangodya ina panali mpata woti nkhuku n'kudutsa, ndipo pawaya panali titsitsi tofiirira. Khomo lake linali limenelo.

Choncho yambirani pansi. Waya wa maso-maso mupinde m'munsi mwake masentimita 15 kapena kuposerapo, chopindacho chiloze kunja kwa dimba, muchikhomere pansi ndi zikhomo n'kukwirira ndi dothi kapena kapinga. Nyama ikafika imaponda pa waya womwe ikufuna kutukula. Maso a wayayo asapose masentimita 7.5 mbali zonse ngati kuli muntjac. Akakula kuposa apo amalowetsa mutu, tinyanga n'kukola, kubwerera osatheka. Wayayo akhale wokungika, mizati yolimba, makamaka ya m'ngodya. Geti likhale lotalika ngati mpanda womwewo, lisasiye mpata pansi, ndipo ngati n'kotheka likhale lodzitseka lokha, chifukwa tsiku limene mudzaiwale kutseka ndi lomwe adzabwere. Onaninso zimene zili kunja moyandikira mpanda: mulu wa manyowa, chitsa, kapena malo okwera. Mpanda wa mita 1.5 woyang'anizana ndi chulu cha theka la mita ndi mpanda wa mita imodzi.

Musanakumbe dzenje loyamba, funsani. Ku England mpanda wa pakhomo umaloledwa kufika mamita 2 popanda chilolezo cha khonsolo, koma woyang'ana kumsewu wa magalimoto malire ake ndi mita imodzi. Pa allotment pali malamulo ake, ndipo komiti ndiyo imanena. Kawirikawiri zimatchipa kuti nonse musonkhe n'kukonza mpanda wakunja wozungulira malo onse kusiyana n'kuti aliyense amange wake. Zikakanika, tchingirani kagawo kakang'ono ka zimene gwape amazikondetsetsa, ngati khola lokhala ndi denga lomwe. Limenelo limakutetezeraninso ku njiwa, zomwe pa mpiru ndi kabichi zimaposa gwape kuipa mtima.

Mpanda woipa umapha, ndipo apa ndili ndi mlandu wanga. Zaka zanga zoyamba pantchitoyi ndinatchinga sitiroberi za pakhomo pena ndi ukonde wa pulasitiki wopyapyala, wotayirira, poti unali wotchipa. M'mawa wina ndinapeza roe wamphongo atauzengereza m'nyanga ndi m'khosi, maso ali tong'o, thovu kukamwa. Anabwera odziwa ntchito, anamuphimba kumaso ndi nsalu, n'kudula ukondewo. Anadzuka n'kupita akudzandira, ndipo ngati anakafika kutali sindinganene. Kuyambira tsiku lomwelo ukonde wotayirira sindiusiya m'munda usiku, ngakhale wa golo ya mpira wa ana ndimauza eni nyumba kuti aziukulunga. Pewaninso waya waminga, ndiponso mawaya awiri otalikirana pang'ono pamwamba pa mpanda: gwape podumpha amalowetsa mwendo wam'mbuyo pakati pawo, mawayawo n'kupotana, nyama n'kulendewera pamenepo mpaka kufa. Pamwamba pa mpanda pazioneka bwino, ndi thabwa kapena tepi yoyera, kuti aziyesa kutalika kwake asananyamuke.

Kwa amene muli ndi mitengo ya zipatso yochepa, maapozi awiri ndi pulamu mmodzi, simufunika kutchinga munda wonse. Tchingani mtengo uliwonse pawokha. Adani a mtengo waung'ono ndi awiri: pakamwa ndi nyanga. Nyanga zatsopano zimamera zitakutidwa ndi kachikopa ka ubweya, ndipo zikakhwima wamphongo amazikhutiza pa timitengo tofewa kuti kachikopako kachoke, kwinaku akusiya fungo lake kuti anzake adziwe kuti dera lili ndi mwini. Roe amayamba zimenezi cha mu Malichi ndi Epulo. Amasankha mtengo wonenepa ngati mpini wa khasu kapena wochepera apo, woti uziwerama akamaukankha, kutanthauza ndendende mtengo umene munagula chaka chatha. Chakudya chochokera m'masamba chimatsikira kumizu kudzera m'kati mwa khungwa, ndiye khungwa likasendeka kuzungulira thunthu lonse, mtengowo wafa ngakhale uoneke wobiriwira miyezi ingapo. Likasendeka mbali imodzi yokha, usiyeni, nthawi zambiri umapola.

Zingani mtengo ndi waya wolimba womangirira pa zikhomo ziwiri kapena zitatu: mita 1.2 kwa roe ndi muntjac, 1.5 kwa fallow, 1.8 kwa red ndi sika. Musaukanikize kuthunthu; siyani mpata woti nthambi zisatulukire kunja, ndipo chaka ndi chaka muziona ngati zomangira sizikulowa m'khungwa. Muntjac ali ndi kachenjera kena: mtengo wowonda amaukwera pamimba, kuuweramitsa, n'kudya nsonga imene inu mumayesa kuti sangaifikire. Mtengo ukakula, khungwa n'kukhakhala, nthambi za m'munsi n'kupitirira pamene nyama imafika, wayayo mutha kuchotsa.

Amandifunsanso za mbewu zimene gwape sadya. Lavender, rosemary, timbewu tonunkhira, daffodil, adyo ndi anyezi amazilambalala nthawi zambiri. Marozi, tulip, nyemba, sitiroberi, masamba a beetroot ndi mphukira za maapozi ndiye ndiwo zake za pa Khirisimasi. Masamba a maungu, poti ndi aubweya, sayamba nawo, koma musadalire zimenezo. Mu Febuluwale ndi Malichi, kutchire chakudya chikasowa, njala imamudyetsa zimene ankazinyoza. Mzere wa lavender sungatchinjirize nyemba zili kuseri kwake. Amangoulumpha.

Mu Meyi ndi Juni mukhoza kupeza kamwana ka roe katagona phee m'udzu wautali pafupi ndi dimba, kokhakokha. Sikanatayidwe. Make amakabisa dala n'kumabwera kudzayamwitsa, choncho musakagwire, musakanyamule, ingochokanipo ndi galu wanu. Musanatchetche udzu wautali nyengo imeneyi, yendanimo kaye. Potuluka mudziyang'ane m'miyendo, chifukwa kumene kumayenda agwape kumakhala nkhupakupa, ndipo zina zimafalitsa matenda a Lyme. Pakatuluka chizindikiro chofiira chomka chikula pamene yaluma, pitani kwa dokotala.

Tsiku lina mudzamupeza gwape ali m'kati mwa mpanda, poti wina anasiya geti. Musakuwe, musamuthamangitse, musaitane ana kuti adzajambule. Akachita mantha amadziwombetsa pawaya mpaka kuthyoka khosi, ndipo muntjac wamphongo ali ndi mano aatali akuthwa amene amang'amba galu. Tsegulani geti lonse, mangani galu, mupite kumbali ya kutali kumene sakukuonani. Mayi aja zinawachitikira mu Seputembala, mpanda titaukonza kale. Anakakhala m'kashedi kawo n'kumamwa tiyi wa m'fulasiki, ndipo pomwe ankamaliza kapu yachiwiri gwapeyo anali atatuluka yekha.