Kapeni ka TDS sikaona mekyuli, chonde mvetsetsani

Ndatopa nazo izi. Sabata iliyonse wina amabwera ku labu kuno ku Chipata ndi kapeni ka TDS kogula pamsika, ati "abwana madzi athu ali bwino, kaonetsa 80." Kapeniko kamangoyeza mchere wonse wosungunuka m'madzi basi. Malire a WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, a mekyuli (chitsulo chamadzimadzi chapoizoni) m'madzi akumwa ndi ma microgram 6 pa lita, kachinthu kochepetsetsa moti nambala ya kapeniko singasunthe n'komwe, ngakhale madziwo atapitirira malire kakhumi.

Sensa yeniyeni yoyezera mekyuli imagwira ntchito mwanjira ina. Timadontheza madzi pa kapulasitiki kokhala ndi electrode (kachitsulo kodutsa magetsi) ya golide, timalumikiza ku kamakina kotchedwa potentiostat, kena kamalowa m'thumba n'kuwerengera pa foni. Magetsi ochepa amakokera mekyuli pa golide paja kwa mphindi zingapo, kenako timatembenuza magetsiwo mekyuliyo n'kuchokapo, ndiye pochokapo kamzere ka pa sikirini kamatumphuka, kutalika kwake ndiye kuchuluka kwa mekyuli. Ndi chikondi chomwechija cha golide ndi mekyuli chimene anyamata a ku migodi ya ku Vubwi ndi Lumezi amadalira pogwira golide, ife tangochitembenuza. Koma kamakinako nakonso si mfiti, kopa wa m'madzi amatha kukasokoneza, ndipo popanda kuyamba mwayeza madzi oti mekyuli wake mukumudziwa kale, nambala yake ndi bodza. Zikakayikitsa timatumiza ku labu yaikulu.

Nkhani yomwe imandisowetsabe tulo ndi ya mayi wina amene anabwera ndi madzi m'botolo la drinki, atakhala masiku anayi m'chikwama padzuwa opanda asidi wosungira, mekyuli ngati analimo ambiri anali atakakamira kale kubotolo kapena kuuluka. Amuna awo manja ankanjenjemera osatha kugwira kapu ya tiyi, nkhama zotupa, ndipo kwa miyezi anali kwa sing'anga poti achibale ankati awalodza chifukwa cha ndalama za golide. Nditafunsitsa ndinamva kuti bamboyo ankawotchera kampira ka mekyuli ndi golide pa supuni, pambaula, m'nyumba momwe ana amagona. Utsi umenewo ndi woipa kuposa madziwo. Ndinawauza apite kuchipatala tsiku lomwelo ndi ana omwe, sindinawaonenso.

Ndiye kulinso aja oyenda ndi timitengo tachitsulo, amaviika m'kapu, madzi n'kusanduka bulauni, ati onani poizoni, gulani fyuluta yathu. Ndi dzimbiri la chitsulo chawo chomwecho! Kuwiritsa madzi sikuchotsa mekyuli, klorini nayenso ayi. Ndipo madzi angaoneke oyera pa sensa koma mekyuli ali m'matope, tizilombo n'kumusandutsa methylmercury, mtundu wa mekyuli wolowa mu nsomba. Poizoni ameneyu mu nsomba ndiye anapha anthu ku Minamata ku Japan, matenda ake anadziwika mu 1956. Ngati kumtunda kwa mtsinje wanu akutsuka golide, uzani a ZEMA, bungwe loona za chilengedwe kuno ku Zambia, kapena a zaumoyo ku khonsolo adzatenge okha madzi, matope ndi nsomba, musadikire manja ayambe kunjenjemera.