Musanagule batire lina, fufuzani kumene moto ukupita

Galimoto ikakana kulira m'mawa, eni ake ambiri amathamangira kukagula batire latsopano, ndipo pakangotha milungu yochepa latsopanolo nalonso limapezeka lilibe moto. Pa ntchito yathu yokonza magetsi a galimoto timaona zimenezi kawirikawiri, ndipo zimandiwawa chifukwa batire ndi lodula, pamene kupima kumene kukanasonyeza vuto lenileni kumatenga ola limodzi lokha. Batire lili ngati ndowa: ikapezeka yopanda madzi, mwina yabooka, mwina mpopi sukudzaza, kapena wina akumatungamo usiku. Zonse zitatu ziyenera kupimidwa, motsatana, ndi kachipangizo koyezera magetsi kotchedwa multimeter, kapena kuti mita.

Yambani ndi batire lenilenilo, galimoto itagona usiku wonse osalizidwa. Batire la galimoto lili ndi zipinda zisanu ndi chimodzi, ndipo likadzaza bwino limasonyeza mavolti pafupifupi 12.6. Likasonyeza 12.2 ndiye kuti latsala ndi theka la moto wake, ndipo likafika pa 12.0 latsala pang'ono kutheratu. Kenako wina alize injini inu mukuyang'ana mita. Nambala imatsika ndithu sitata ikamazungulira, koma ikagwa pansi pa 9.6 pa batire limene latchajidwa mokwanira, batirelo lakalamba kapena chipinda chimodzi chafa. Mabatire ambiri amakhala zaka zitatu mpaka zisanu, koma kumalo otentha monga Nsanje, Chikwawa ndi Mangochi amafa msanga, chifukwa kutentha kumaumitsa madzi a m'kati ndi kudya mapuleti. Ngati batire lanu lili ndi zivindikiro, onani ngati madzi akuphimba mapuletiwo, ndipo muonjezere madzi a batire ogula m'botolo okha. Musathiremo asidi kapena madzi a pa mjigo.

Yang'ananinso mitu ya batire. Ufa woyera kapena wobiriwira umene umaunjikana pamenepo umatchinga moto, ndipo mutu umene mungaupotoze ndi dzanja ndi wokhwefuka ngakhale ukuoneka bwino. Masulani wa negetivu poyamba, tsukani ndi soda wosungunula m'madzi ofunda, pukutani, mangani zolimba. Musasute fodya pafupi, pakuti batire limatulutsa mpweya wophulika.

Chachiwiri ndi alternator, makina amene amabwezera moto m'batire injini ikamayenda. Injini ikulira, mita isonyeze pakati pa 13.8 ndi 14.5, ndipo isagwe kwambiri mukayatsa nyali zazikulu ndi fani. Ikakhala pansi pa 13, onani kaye lamba wa alternator, chifukwa lamba wotha kapena wokhwefuka amaterereka ndipo nthawi zina amalira mokweza m'mawa. Ikapitirira 15, ndiye kuti regulator, imene imaletsa moto wa alternator kupyola muyezo, yawonongeka ndipo ikuwiritsa batire, zimene mungazindikirenso ndi fungo la dzira loola. Pano ndichenjeze mwamphamvu za chizolowezi chimene chidakalipo m'magalaja ambiri, chochotsa waya wa batire injini ikulira pofuna kuona ngati alternator ikugwira ntchito. Galimoto za masiku ano, monga Vitz, Sienta ndi Note zimene zadzaza m'misewu yathu, zili ndi kompyuta imene ingapse ndi kulumpha kwa magetsi pa nthawi imeneyo, ndipo mtengo wake umaposa wa batire kutali.

Batire ndi alternator zikakhala bwino, chatsala ndi moto wotuluka mobisa galimoto itazimitsidwa, ndipo apa ndi pofunika kudekha. Zimitsani zonse, chotsani kiyi, tsekani zitseko, masulani waya wa negetivu, ndipo muike mita pakati pa wayayo ndi mutu wa batire, itakhazikitsidwa pa ma amp 10. Musalize injini mita ili pamenepo, ingapse. Dikirani mphindi 30 kuti makompyuta a m'galimoto agone, chifukwa mukawerenga msanga mudzaona nambala yaikulu imene si vuto konse. Galimoto yabwinobwino imakoka osapitirira ma milliamp 50, kapena kuti ma amp 0.05. Babu limodzi la mawati 5 loiwalika m'buti limakoka pafupifupi ma milliamp 400, ndipo pa batire laling'ono la 35Ah, lofala m'galimoto zochokera ku Japan, babulo likwanira kulepheretsa galimoto kulira pakatha masiku awiri kapena atatu.

Nambala ikakhala yokwera, zulani mafyuzi imodziimodzi, mukubwezera iliyonse pamalo pake, mpaka nambalayo itagwa. Fyuzi imeneyo ikulozerani nthambo yolakwa. Nthawi zambiri wolakwa amakhala chinthu choikidwa pambuyo: wailesi yolowa m'malo mwa ya Chijapani imene waya wake wofiira analumikiza ku moto wosazima m'malo mwa ku kiyi, ampulifaya, alamu, kapena tracker. Zinthu zotere kawirikawiri amazilumikiza mwachindunji ku batire, choncho tsatirani waya aliyense wachilendo wochoka pa mutu wa pozitivu. Mafyuzi onse akazulidwa koma nambala osatsika, masulani nthambo za alternator, pakuti diode imodzi, kachipangizo ka m'kati mwake kolola moto kudutsa mbali imodzi yokha, ikapsa imakoka moto wa batire usiku wonse ngakhale masana alternator ikuoneka ngati ikutchaja.

Pali galimoto zinanso zimene zilibe chilema chilichonse, koma kagwiritsidwe kake ndi kamene kamapha batire. Pa mzere wa mafuta munthu amayatsa injini, kusuntha mamita asanu, kuzimitsa, kwinaku wailesi ikulira ndipo mafoni akutchajidwa, ndipo amabwereza zimenezi tsiku lonse popanda kupatsa alternator mpata wobweza zimene sitata yatenga. Maulendo afupiafupi a m'tauni amachitanso chimodzimodzi. Batire likakhalitsa lopanda moto wokwanira, mapuleti ake amauma ndi mchere wa sulphate umene sungachoke, n'chifukwa chake limene latheratu liyenera kupita pa tchaja ya pang'onopang'ono usiku wonse, osangodalira kujampa ndi kuzungulira mphindi khumi. Galimoto imene ikhale osayenda kuposa milungu iwiri, ichotseni waya wa negetivu.

Kupima kukasonyeza kuti batire lafadi, gulani la kukula ndi mphamvu zimene galimotoyo inapangidwira, ndipo onani mbali imene mutu wa pozitivu uli. Galimoto zimene zimazimitsa injini zokha pa roboti zimafuna batire la mtundu wa EFB kapena AGM, monga lolembedwa Q-85 kapena M-42, chifukwa batire wamba silipirira kulizidwa pafupipafupi kotero ndipo limatha nthawi yake isanakwane.