Msilikali akapita kunkhondo, amasaina ndani kunyumba?

Msilikali akauzidwa kuti akupita kunkhondo, zida, zovala ndi ulendo amamukonzera ndi akuluakulu ake. Za kunyumba kwake amaziona yekha. Ngongole ya kubanki siima chifukwa mwini wake ali kutali, ndipo ana amafunabe fizi.

Ambiri amangosiyira mkazi, mwamuna kapena m'bale khadi la kubanki ndi nambala yachinsinsi, basi. Monga loya, njira imeneyi sindiikhulupirira. Khadi likatayika kapena likatha nthawi, a banki salankhula ndi munthu amene dzina lake palibe pa akaunti, ngakhale atabwera ndi satifiketi ya ukwati m'manja. Chofunika ndi chikalata chopatsa wina mphamvu yochita zinthu m'malo mwanu, chija maloya timati power of attorney. Koma musalembe kuti "achite chilichonse". Mawu amenewo amalola munthu kugulitsa nyumba kapena kukongola ndalama m'dzina lanu inu muli m'tchire. Tchulani akaunti yake, zimene ayenera kulipira, ndi tsiku limene mphamvuyo idzathe. Pitani kubanki ndi munthu mwamupatsa mphamvuyo musananyamuke, chifukwa mabanki ena amafuna mafomu awoawo.

Chimene mabanja ambiri sadziwa n'chakuti chikalata chimenechi chimafa limodzi ndi mwini wake. Kuyambira pamenepo imalankhula ndi wilo, chikalata chonena mmene chuma cha womwalira chigawidwire. Malamulo amawamvera chisoni asilikali pa nkhaniyi kuyambira kalekale: ku Roma, Julius Caesar ankalola asilikali ake kusiya wilo osatsata ndondomeko zonse, ndipo lamulo la ku England la 1837 limavomereza wilo ya pakamwa ya msilikali amene ali pa ntchito ya nkhondo. Komabe mawu a pakamwa amafuna wina adzawachitire umboni kukhoti, ndipo amene anawamva angakhale atatsikira kulichete pa nkhondo yomweyo. Lembani, musaine pamaso pa mboni.

Wogwidwa ndi adani sikuti zake zathera pomwepo. Pangano lachitatu la ku Geneva la 1949 limati mkaidi wa pankhondo aloledwe kudziwitsa banja lake pasanathe sabata atafika ku kampu, komanso kuti omugwira amuthandize kutumiza zikalata monga wilo ndi chopatsa wina mphamvu chija. Bungwe la Red Cross limathandiza kufikitsa mauthenga otere. Zimenezi n'zolembedwa, koma si onse omenya nkhondo amene amazitsata.

Povuta penipeni ndi pamene msilikali wasowa, osadziwika ngati ali moyo kapena ayi. Wilo sigwira ntchito chifukwa palibe chikalata cha imfa. A banki nawo amayamba kukayikira chikalata cha mphamvu chija, poopa kuti mwini wake anamwalira. M'mayiko ambiri otsata malamulo ochokera ku England, khoti limadikira zaka 7 lisananene kuti wosowayo anafa, pokhapokha pali umboni wamphamvu. Zaka zonsezo banja lidya chiyani? N'chifukwa chake ndimalimbikira kuti gawo la malipiro lizilowa mwachindunji mu akaunti ya wotsala ndi ana, ya dzina lake, kuchokera ku ofesi yolipira asilikali. Onaninso dzina limene lili pa mafomu a penshoni ndi inshuwalansi. Ambiri analemba makolo awo tsiku lolowa usilikali, ndipo atakwatira sanasinthe.

Za ngongole, fufuzani zimene lamulo la dziko lanu limanena. Ku United States, lamulo la 2003 limatsitsa chiwongoladzanja kufika pa 6 peresenti pa ngongole zimene munthu anatenga asanayambe ntchito ya usilikali, koma msilikaliyo ayenera kupempha polemba kalata. Kumene kulibe lamulo lotere, lemberanibe okukongozani musananyamuke, mugwirizane kalipiridwe kake, ndipo kope la mgwirizanowo lisungidwe ndi amene watsala pakhomo.